Njerwa za a Laston

M'mbali mwa msewu ku Chintheche munali sitolo yakale ya njerwa zofiira, khonde kutsogolo, zipinda zogona kumbuyo. Mmwenye amene anaimanga anapita ku Mangalande kalekale, makiyi n'kusiyira wantchito wake, a Laston a ku Thyolo. Iwo anaika makina osokera pakhondepo, n'kumakhala kumbuyoko ndi akazi awo a Violet. Mwana analibe, munda analibe, Chitonga chawo chinkathera pa "yewu" basi.

Chinawapweteka a Laston ndi manyazi. Kuno pamaliro sapita chimanjamanja, ndipo kaunjika atawalanda makasitomala anasowa chopereka. Atamwalira mchimwene wake wa Joel, woyandikana nawo, anamva anthu akudandaula kuti njerwa zamakono sizikhalitsa pamanda. Anazungulira kuseri n'kugumula chipinda chosungiramo katundu, njerwa zake n'kuzipereka pamalirowo.

"Ada Laston, mwativeka," anatero Joel. Tsiku limenelo anawakhazika pampando pakati pa eni mudzi, koyamba chibwerereni.

Basi chinasanduka chizolowezi. Aliyense womanga chiliza ankabwera ndi wilibala. Ine, mwana wa m'mudzimo amene ndinkawatenga ngati makolo anga, zinkandipsetsa mtima, ndipo ndinawauza pamaso kuti, "Bambo, nyumbatu mukuimaliza." Ankangoseka, singano ili pakamwa. Khitchini inapita, kenako chipinda china. Ukaima kumsewu sitolo inkaoneka bwinobwino, zitseko ndi mawindo zili m'malo, koma kuseri inali ngati chimanga cholowa anankafumbwe.

Mvula itayamba kulowa pogona, a Violet anadwala chifuwa. Dzinja lisanathe anatisiya. Tisaname, anthu anabwera, analira, malo kumanda anapereka. Mphepo itagwetsa kachipinda kotsalako, a Laston anasamukira pakhonde, pafupi ndi makina awo.

Nthawi yomanga chiliza itakwana, palibe anaganiza zobweretsa njerwa. Si nkhanza ayi. Tonse tinazolowera kuti njerwa zimachokera kwa a Laston. Anadikira, osapempha munthu. Kenako anatenga nyundo n'kuyamba kugumula khoma lakutsogolo, lomwe linkagwira denga la khonde.

Ndinawapeza atakhala pamulu wa njerwa, malata ali pansi, makina atawafunditsa chitenje cha malemu.

"Bambo, nanga mugona kuti?" ndinafunsa.

Anapukuta njerwa imodzi ndi chikhatho, n'kuiika bwinobwino pamwamba pa zinzake.

"Izi ziwakwanira mayi anu," anatero. "Zanga sizitsala. Musadzavutike, ine mudzangofotsera."