Ulusi wa Dzulo pa Jekete Lakale

Tsiku limene telala wina anaonana koyamba ndi Anamakolala, analakalaka nthaka itang'ambika. Mwana wawo ndiye anamulemba ntchito m'mawa womwewo m'sitolo yawo ya zovala zakale za osoka otchuka, kachipinda kopanikizika konunkha mankhwala a njenjete. Dzina loti Anamakolala anawapatsa ndi anthu, poti chovala chilichonse ankayamba n'kupinda kolala yake, ngakhale cha mlendo wongodzapereka moni.

Telalayo anapatsidwa jekete laubweya kuti asoke mkono. Ataona kalebulo ka dzina la wosoka kothetheka pakhosi, anakadula monga ankachitira ndi zovala za aliyense, poti malebulo amakanda.

"Achemwali, mwadula mutu wa jekete!" anatero mwanayo, atagwira pakamwa.

Telala anakatola pansi n'kukasokereranso. Kunyumba anali atasiya ana awiri, ndipo ntchito ina analibe.

Anamakolala atafika anapinda kolala. Anayang'anitsitsa ulusi wa palebulo.

"Mwanawe, jeketeli ndi msinkhu wa agogo ako, koma ulusiwu ndi wa dzulo. Wogula wodziwa anena kuti ndamata dzina la eni pa sanza. Ukufuna andiitanire apolisi?"

Sanamuchotse ntchito, koma jeketelo sanaligulitsenso. Anamuphunzitsa kusiyanitsa zilembo zoluka ndi zodinda, kuona mmene wosoka ankasinthira kalembedwe ka dzina lake zaka zikamapita, ndiponso kuti ulusi weniweni umafuwa limodzi ndi nsalu yake. Mantha okha sanamuthere. Anachita kumera imvi akudzidzimukabe akamva "mwanawe". Anazindikira mochedwa kuti nawonso ankakhalira mantha. "Ndikagulitsa chabodza chimodzi," ankatero, "zonse zili munozi zasanduka zabodza."

Anamakolala atakalamba, maso awo anachita ng'ala, koma sanauze munthu. Tsiku lina mayi wina anabwera kudzagulitsa diresi lasilika. Anamakolala anasisita lebulo ndi chala.

"N'lenileni ili."

Telala, ali kumbuyo kwawo, anaona kuti dzinalo likuperewera chilembo. Kuwatsutsa pamaso pa mlendo sakanatha, kukhala chete nakonso kunali kuwaponya m'dzenje. Anangotsokomola.

Chala chija chinaima. "Mubwere mawa, mayi, ndiliyang'anenso padzuwa."

Mlendo atatuluka, telala ananong'ona, "Chilembo chimodzi palibe, mayi."

Anamakolala anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala.

"Ndalandira angati otere?"

"Sindikudziwa, mayi."

Anamakolala anamugwira pamkono, zala zili zizirire.

"Usamuuze mwana wanga, angandisiye kunyumba ngati mpando wothyoka. Uzikhala pafupi nane. Ndipo chifuwa chakocho, mwanawe, usachimwere mankhwala."