Tsiku Limene Sitima Inamusiya Tiyenayo

Mlongo wanga ndi kondakitala wa minibasi. Kusiteji onse amamutcha Tiyenayo, chifukwa ndi mawu amene amakuwa akamamenya denga kuti dalaivala anyamuke. Ndiye chitsirizira m'nyumba mwathu, wamtali ngati nsungwi, wapakamwa kuposa tonsefe. Ntchito yake imafuna kuti anthu onse alowe kaye, katundu apanikizidwe, okalamba akhazikidwe bwino. Kenako iye amathamanga pang'ono galimoto ikuyenda kale, n'kugwira chitsulo cha pakhomo, n'kudziponyera mkati. Khalidweli linamulowa m'magazi, moti ngakhale polowa m'nyumba amayamba waima pakhomo kudikira kuti ena onse adutse.

Amayi athu ndi mphunzitsi wopuma, ndipo amadwala mphumu. Gulu la aphunzitsi anzawo opuma litakonza ulendo wokaona dziko lina, linagwirizana kuti aliyense wodwaladwala atenge womuperekeza. Woyenera kupita ndinali ine, koma ndinali ndi khanda kumanja. Choncho mwayi unagwera Tiyenayo, munthu woti ndege ankangoionera m'mwamba. Ndinamupatsa ntchito imodzi yokha. Amayi amaiwala zinthu paliponse pomwe akhala, ndiye ndinamukoleka iyeyo m'khosi kachikwama momwe munali mankhwala awo opopera m'kamwa.

"Iwe, kachikwama aka kasatalikirane ndi Amayi," ndinamuuza. "Ukudziwa kuti akayamba kubanika sachedwa."

"Achemwali, ine ndimasamala galimoto yodzaza anthu tsiku ndi tsiku," anatero akuseka. "Ndiye ndilephere mayi mmodzi?"

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza yekha atabwerako, ndipo pofotokozapo sankaseka.

Anafika m'mawa kukuzizira koopsa. Atasiya katundu kuhotela, mayi wotsogolera ulendo anawatengera kusiteshoni ya sitima zoyenda pansi pa nthaka. Anatsika pa masitepe oyenda okha, kutsika ndithu, mpaka Tiyenayo anayamba kudzifunsa ngati kumeneku anthu amabwererako. Mpweya wake unali wofunda, wonunkha fumbi ndi zitsulo. Anamva Amayi akutsokomola pang'ono, koma iwo anagwedeza dzanja kuti palibe vuto.

Sitima inatulukira mumdima ndi chimphepo, zitseko n'kutseguka zokha. Apa ndi pomwe mlongo wanga anadziona ngati wafika kuntchito. Anaima pambali pa khomo n'kuyamba kulowetsa anthu.

"Lowani, lowani! Sunthirani mkati, aphunzitsi, malo alipo! Amayi, gwirani chitsulo icho."

Analowetsa gulu lonse, n'kulowetsanso ndi nkhalamba ina yachilendo imene sinamupemphe n'komwe. Kanthu kena kankalira pamwamba pa khomo, koma iye sanakalabadire. Anasuzumira uku ndi uku kuona ngati watsala wina, anakweza dzanja kuti amenye m'mbali mwa sitima, ndipo zitseko zinatsekeka pamaso pake.

Anamenya galasi. Anakuwa kuti dalaivala aime. Sitima inayamba kuyenda, ndipo miyendo yake inachita zimene inazolowera: inathamanga. Ankathamanga m'mphepete mwenimweni, dzanja likupapasa pofuna pogwira, koma sitimayo inali yosalala paliponse, yopanda chitsulo, yopanda popondera. Pagalasi anaona nkhope ya Amayi, kukamwa kuli yasa, dzanja lili pachifuwa. Kutsogolo kunali khoma, ndipo anaima litangotsala pang'ono kumuswa mphuno. Sitima inalowa mumdima n'kuzimiririka.

Atagwira pachifuwa kuti apume, anakhudza kachikwama kaja. Mankhwala a Amayi anali atatsala ndi iye.

Mphumu ya Amayi tonse timaidziwa. Imayamba ndi kamluzu m'chifuwa, kenako mapewa amakwera, mawu amatha, milomo imayamba kuda. Ikafika pamenepo popanda mankhwala, munthu ungathe kungoyang'ana. Ndipo chimene chimaidzutsa msanga kuposa fumbi ndi mantha.

Anatulutsa foni, koma inalibe netiweki. Dzina la komwe ankapita sankalidziwa, chifukwa pomwe wotsogolera ankafotokoza iye anali kalikiliki kujambula masitepe. Mawu ankamveka kuchokera kudenga m'chinenero chimene sanatolepo kanthu. Anaimitsa bambo wina wa jekete lalitali, n'kumulozera kachikwama, n'kulozanso kumdima kuja. Bamboyo anafumbata thumba lake n'kumulambalala. Mlongo wanga, amene kusiteji amatha kukweza munthu woti analibe ulendo, anasowa ndi liwu limodzi lomwe.

Sitima ina inafika, zitseko n'kutseguka. Panalibe wokuwa kuti ikupita kuti. Akwere? Nanga ikakhotera kwina? Nanga Amayi akatsika kutsogoloku iye n'kuwapitirira? Atsale? Nanga ngati akumudikira uko, akubanika? Anaponda phazi limodzi mkati, kanthu kaja kanalira, ndipo anabwerera m'mbuyo ngati waponda moto. Inabwera inanso, inapita. Musaganize kuti anatsala chifukwa cha nzeru ayi, anangothedwa mphamvu. Anakhala pansi atatsamira khoma, kachikwama atakakumbatira, thukuta lili kamukamu m'dziko lozizira chotero. Akuti ankangoganiza za mmene adzandiuzire ine.

Kenako anamva wina akukuwa dzina lake. Anali wotsogolera uja, akutsika masitepe mothamanga, nsapato zili m'manja. Anali atabwerera pa sitima ya mbali inayo. Sanamukalipire, ndipo zimenezi zinamuopsa kwambiri.

"Mankhwala uli nawo? Dzuka, tiye!"

"Ali bwanji Amayi?"

"Tiye, ndati!"

Sitima yotsatira itafika, Tiyenayo anayamba ndiye kulowa. Ulendo wake unali waufupi, koma wotsogolerayo ankangoyang'ana chitseko.

Anawapeza Amayi pasiteshoni yotsatira, atakhala pabenchi, aphunzitsi anzawo atawazungulira, wina akuwakupiza ndi chipewa. Kamluzu kaja kankamveka munthu ali patali. Milomo inali itada. Tiyenayo analimbana ndi zipi osatha kuitsegula, mpaka mphunzitsi wina anamulanda kachikwamako. Amayi anapopera, anadikira, anapoperanso. Pang'ono ndi pang'ono mapewa anatsika.

Iye anagwada patsogolo pawo kudikira kulalatiridwa, poti pakamwa pa Amayi timapadziwa. Koma iwo anangomugwira dzanja lija ankapapasira sitima, n'kumalitembenuza ngati akufuna bala. Mawu atabwerera, anatuluka ochepa ndi osasa.

"Mmene umathamangira muja... m'mphepete muja... ndi mmene umakwerera kuntchito?"

"Eya, Amayi."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

Amayi anali asanakwerepo minibasi ya mwana wawo. Zaka zonsezi ankangomuona akutuluka m'mawa n'kubwera madzulo ali ndi fumbi m'tsitsi. Analira pabenchi pomwepo, pamaso pa anzawo ndi alendo odutsa, ndipo wotsogolera atanena kuti sitima ikubwera, iwo anakana kudzuka. Anati adikire kaye, poti anali asanamalize kumuyang'ana mwana wawo.