Kalata Imodzi Imene Profesa Anawerenga

Pa ofesi ya Profesa wa za udzudzu aliyense ankawatchula kuti Mayi Mawa, chifukwa cha mawu amene ankalandira nawo anthu pakhomo: "Profesa atanganidwa, mubwere mawa." Anali sekilitale, ndipo anakhala pa tebulo lomwelo zaka makumi awiri ndi ziwiri, pakati pa kabati ya mafayilo ndi zenera losatsekeka bwino.

Anthu ankati Profesa amalemba makalata okoma. Bodza lamkunkhuniza! Makalata onsewo ankachokera m'zala za Mayi Mawa. Oitanira Profesa kumisonkhano yakunja, atolankhani, ophunzira ofuna kalata yowachitira umboni, onsewo ankayankhidwa ndi mayiwa. Ikakwana folo koloko ankaika makalatawo mu fayilo yofiira, Profesa n'kusaina ali chiimire, foni ili kukhutu, osawerenga ngakhale mzere umodzi. Fisi akanapempha umboni woti akalembedwe ntchito yoweta mbuzi, bamboyo akanasaina.

Chaka china mwana wachisamba wa Mayi Mawa anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro kunja. Chinkangotsala ndi kalata ya umboni yochokera kwa katswiri wodziwika, ndipo tsiku lomaliza kulandira makalatawo linali Lachinayi. Mtsikanayo sanali mlendo pamalopo. Matchuthi atatu anathera mu labu ya Profesa, akuwerenga mazira a udzudzu mpaka maso kufiira.

Mayi Mawa akanatha kungoilowetsa kalatayo pakati pa zinzake. Koma mumtima anati za mwana wanga sindingazizembetse ngati katundu wakuba. Lolemba anaiika pamwamba penipeni, n'kunena poyera.

"Bwana, iyi ndi ya mwana wanga. Chonde muione."

Pa zaka zonsezo, imeneyo ndiyo kalata imene Profesa anavalira magalasi. Anakhala pansi, anaiwerenga mpaka kumapeto, n'kuikankhira pambali ndi chala chimodzi.

"Mayi, dzina langa si chidindo cha pamsika. Mwanayu sindimudziwa, ndipo sindingasainire munthu amene sindimudziwa."

"Ndi uja ankakuwerengerani mazira, bwana. Wamtali uja."

"Amadutsa ambiri mu labu muja. Tidzakambirana ndikapeza mpata."

Atatero anasaina makalata ena asanu ndi anayi a umboni, a ana a anzake ndi a anthu amene anangokumana nawo m'ndege, foni ili kukhutu.

Mayi Mawa anapsa mtima moti zala zinkaphonya zilembo pa kompyuta. Lachiwiri anakumbutsa, Lachitatu anakumbutsanso, Profesa n'kumawabwezera mawu awo omwe aja akuti mawa. Lachinayi bamboyo anapita kukatsegulira msonkhano wa akatswiri anzake, ku ofesi osapondako. Kunyumba mwana sanalire. Anangofunsa funso limodzi, ndipo linawalasa mayi ake kuposa misozi.

"Amayi, nanga inuyo amakudziwani?"

Lachisanu panali makalata a umboni asanu ndi awiri oti alembedwe. Mayi Mawa anawataipa bwinobwino pa mapepala a ofesi, adiresi pamalo pake, deti pamalo pake. Koma kalata iliyonse inali ndi chiganizo chimodzi chokha: "Munthu ameneyu sindimudziwa, ndipo sindingasainire munthu amene sindimudziwa." Folo koloko itakwana Profesa anasaina onse asanu ndi awiri, akuseka ndi wina pafoni.

Mayi Mawa sanawatumize, poti ana a eni akewo sanawalakwire kanthu. Anadikira kuti foni ithe, anayala makalatawo pa tebulo la Profesa, n'kuima pomwepo manja ali kumbuyo.

Profesa anavala magalasi. Anawerenga yoyamba, yachiwiri, yachitatu, siginecha yake ili pansi pa iliyonse, inki isanaume n'komwe.

"Mayi, mukufuna kundiipitsira mbiri?"

"Ayi bwana. Mawuwo ndi anu, ndipo mwasaina nokha."

Bamboyo anatsegula cholembera chake, mawu atafewa ngati a munthu wopempha moto kwa mnansi.

"Chabwino. Bweretsani kalata ya mwana ija."

Mayi Mawa anakoleka chikwama paphewa, n'kuika makiyi a kabati pamwamba pa fayilo yofiira.

"Anatseka dzulo, bwana."