Chitsulo cha amake Tisa

Ku koleji sanandichotse. Izi ndimafuna zimveke bwino. Anangondiuza kuti ndisabwerenso, ndipo ine, pokhala mwana woleredwa bwino, ndinamvera. Ndinabwerera kwa amayi ku Kabwata ndi sutikesi imodzi ndi Chingelezi chochuluka kuposa nzeru.

Amayi anandipirira miyezi ingapo. Tsiku lina pochokera kutchalitchi anandipeza ndikuwerenga nyuzipepala ya dzana, ndipo anati, "Gidiyoni, nchito yapezeka. Ku Woodlands."

"Ofesi yanji, amama?"

"Ofesi ya mapoto."

Mwini nyumbayo anali a Sakala, mkulu wa mpingo wathu, amene ankagwira ntchito mu ofesi ina ya boma m'tauni. Akazi awo, omwe anali namwino, anali atamwalira dzinja lapitalo n'kusiya mwana mmodzi wamkazi, Tisa, wa ku pulayimale. Ankafuna munthu wophika, wosesa, ndi woima pamzere. Zaka zimenezo kuima pamzere inali ntchito payokha. Saladi, amene ndi mafuta ophikira, akamveka kuti wafika m'sitolo, unkasiya ndiwo pamoto n'kuthamanga.

"Umadziwa kuphika?" anandifunsa a Sakala tsiku loyamba.

"Ndinawerengako, bwana."

"Chabwino. Uyambe ndi kusesa."

Tisa ankanditchula ba Koleji, ndiye kuti a Koleji m'kalankhulidwe ka m'tauni. Sankalankhula zambiri. Chichokere pamaliro sanalowenso m'khitchini. Madzi akumwa ankaitanitsa ali pakhonde, ndipo pochokera kusukulu ankazungulira nyumba yonse kuti alowere khomo lakutsogolo, ngakhale lakukhitchini linali pafupi.

Panalinso a Esinati, mng'ono wawo wa malemu, amene ankakhala ku Chelstone. Kwathu kummawa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo pamaliro abale a malemu ananena poyera kuti mwamuna yekha sangalere mwana wamkazi. A Sakala anapempha chaka chimodzi kuti aonetse kuti angathe. Anawapatsa. A Esinati ankabwera Lamlungu lina ndi lina, kudutsitsa chala pawindo, kuyang'ana tsitsi la Tisa ndi kolala ya yunifolomu, n'kumapita. Chakacho chinali kutha. Anatumiza mawu kuti abwera Lamlungu la tsiku lobadwa la Tisa, ndipo akaona adzakauza abale ngati mwanayo akhale kapena asamuke.

Lachisanu la sabata imeneyo a Sakala anakwera pampando n'kutsitsa chimtolo cholemera pamwamba pa kabati, chokulungidwa m'chitenje. Anachimasula patebulo pang'onopang'ono.

Chinali chitsulo chophikira mawafo, mikate ija yokhala ndi timabokosi, imene amayi anga atamva anaitcha vitumbuwa va mawindo. Amake Tisa anabwera nacho kuchokera kunja kumene anakaphunzira unamwino, dziko litangolandira ufulu. A Sakala anati sutikesi italemera, mayiyo anasiya jasi n'kutenga chitsulo. Kuyambira pamenepo ankaphika mawafo Lamlungu lililonse pochokera kutchalitchi, mpaka pamene anadwala.

Kwa amene sanachione, ndi mbale ziwiri za chitsulo chokhuthala zotsekana ngati buku, iliyonse yodzaza timabokosi mkati. Kumbuyo zimalumikizana ndi kampira kachitsulo, kutsogolo kuli zogwirira ziwiri zazitali zokulungidwa waya kuti dzanja lisapse. Chimakhala pa mphete yake, imene umaika pa mbale ya sitovu kapena pambaula, ndipo kampira kaja kamalowa m'kadzenje ka mpheteyo kuti uzitembenuza chitsulocho osachinyamula. Chonsecho chinali chakuda bii, kunja ndi mkati.

"Lamlungu tiphika monga ankaphikira amake," anatero a Sakala. "Mlamu aone kuti nyumba ya mkulu wake ikadali nyumba."

Popeza mazira sanali oseweretsa, anandiphunzitsa popanda phala, tonse awiri titaima pa sitovu yozizira ngati ansembe. Utenthetse mbali zonse ziwiri. Udonthezepo madzi: dontho likavina n'kuthawa, chitsulo chakonzeka, likangokhala n'kumawira, dikira. Upake saladi pang'ono ndi nthenga ya nkhuku, kufikira m'makona. Uthire phala pakati, osadzaza, chifukwa limafufuma ndipo likasefukira umakolopa sitovu. Utseke n'kutembenuza nthawi yomweyo kuti phala ligwere mbali inayo. Usatsegule kuti usuzumire. Uziyang'ana nthunzi yotuluka m'mbali, ikachepa utembenuzenso, udikire pang'ono, kenako utsegule. Wafo yabwino imagwa yokha ukaikodola ndi foloko. Phala lake ndi fulawa, mkaka, shuga, mchere, pauda wofufumitsa ndi tisaladi. Zoyera za mazira umazipatula n'kuzimenya ndi foloko mpaka zitaima ngati thovu la sopo, n'kuzisakaniza pomaliza, mofatsa.

Bamboyo anali asanaphikepo wafo ngakhale imodzi. Zonsezi anazidziwa poyang'ana akazi awo, atatsamira chitseko. Anandiuza chilichonse, kupatula chinthu chimodzi chimene kwa iwo sichinali chofunika kuuza munthu wamoyo.

Loweruka analawirira ku Kamwala, kumene mnzawo wina wa sitolo anawasungira fulawa. Ine ndinatsala ndi Tisa ndi chitsulo.

Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinakulira pampopi wa ku Kabwata, pamene amayi ankakhala mzere mmawa uliwonse kukwecha mapoto ndi mchenga ndi phulusa. Kumeneko mkazi ankadziwika ndi kunsi kwa poto wake. Amayi anga akaona poto wakuda kwa eni, sankanena kanthu pomwepo, koma pobwerera ankatiuza tonse. Ndiye ndinaganiza za chala cha a Esinati. Chala chimene chinkapeza fumbi pawindo lopukutidwa, chikanena chiyani pa chitsulo chakuda chonchi? Ndinaona kuti a Sakala, chifukwa cha chisoni, sakuonanso litsiro. Ndinaona kuti Mulungu ananditulutsa ku koleji kaamba ka tsiku limeneli.

Ndinatenga mchenga kuseri kwa galaja, phulusa la pambaula, sopo, ndi waya wotsukira mapoto. M'makona mwa timabokosi, momwe waya sankafika, ndinagwiritsa ntchito msomali. Chakudacho chinkakana, koma ine ndinali ndi nthawi. Chinayamba kusendeka timakoko, madzi a m'beseni anada, ndinasintha, anadanso. Dzuwa likupendeka chitsulo chinali chotuwa ngati bulu. Sichinawale monga mapoto a amayi, koma ndinadzikhululukira. Ndinachitsukuluza, kuchikutumula madzi, n'kuchikulunganso m'chitenje chake kuti bwana adzadabwe mawa.

Anadabwadi.

Lamlungu titachoka kutchalitchi, a Esinati anakhala pabalaza, chikwama pamaondo. A Sakala anavula jekete, anapinda manja a shati, ine ndikumenya zoyera za mazira mpaka mkono kuwawa. Phala linakhala bwino. Fungo la sitovu yotentha litayamba, ndinaona Tisa ataima pakhomo la khitchini, atavala diresi la kutchalitchi, phazi limodzi lili mkati. Atate ake anamuona koma anachita ngati sanamuone, n'kuyamba kumasula chitenje.

Chitsulo chinatuluka chotuwa, ndi mawanga ofiira a dzimbiri m'kabokosi kalikonse.

"Gidiyoni. Chachitika n'chiyani?"

"Ndachitsuka, bwana." Ndinanena zimenezi nditaima mowongoka, ndikudikira mendulo.

Anadutsitsa chala chachikulu mkati mwa mbale imodzi. Analankhula motsitsa mawu kuti pabalaza pasamveke. "Chakuda chija sichinali litsiro, mwanawe. Anali mafuta a Lamlungu lililonse chikwatirane chathu, opsererana pamwamba pa anzake. Ndi amene ankaletsa phala kumamatira. Amake sanachigwiritsepo sopo ngakhale kamodzi."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

Tinayesa. Tinapukuta dzimbiri ndi nsalu, tinathira saladi wambiri kuposa amene tinkadyera sabata yonse, tinatenthetsa mpaka dontho linavina. Wafo yoyamba inagwira mbale zonse ziwiri, ndipo potsegula inang'ambika pakati, theka kumwamba, theka pansi. Tinaikumba ndi foloko. Yachiwiri tinaisiya nthawi yaitali, poganiza kuti ikauma isiya chitsulo, inapserera m'timabokosi. Yachitatu inagwera pa zotsalira za ziwiri zija, ndipo utsi unadzaza khitchini n'kulowa pabalaza.

A Esinati anabwera akukupiza dzanja kumaso. Anayang'ana mbale ya zinyenyeswa, kenako chitsulo. Anasiya kukupiza.

"Ichi ni cha ba sisi?" anafunsa. "Alamu, mwachichita chani?"

"Kulakwa n'kwanga, mlamu," anatero a Sakala. "Sindinamuuze."

Apa ndi pamene maphunziro anga anagwira ntchito kachiwiri. Sindinafune kuti munthu wabwinoyu asenze mlandu wanga, choncho ndinapita patsogolo n'kuyamba kuwateteza.

"Ayi amayi, bwana alibe mlandu. Iwo panyumba panalibe n'komwe. Ndinali ndekha ndi mwana tsiku lonse, monga mwa masiku onse, ndipo ndinachita mwa nzeru zanga, popanda wondiona."

A Esinati anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anatembenukira kwa alamu awo.

"Mwamvela, alamu? Sinakambe ine."

Tisa anatambasula dzanja ali pakhomo pomwepo, anatola kanyenyeswa pambale, anakatafuna. "Vimveka nsimbi, ba dadi," anatero, kutanthauza kuti zikumveka chitsulo m'kamwa. Anabweza phazi lake lija n'kupita kuchipinda.

Sukulu itatsekera, Tisa anasamukira ku Chelstone. A Sakala ananyamula okha sutikesi yake mpaka pokwerera basi. Pobwerera anandipeza nditamanga katundu wanga, nditakhala pa sitepe yakuseri.

"Ukupita kuti?"

"Ndimaganiza kuti ntchito yatha, bwana."

"Yatha? Unachotsa wekha, ubwezera wekha."

Chakuda chimabwerera chonchi. Umachotsa dzimbiri, kuumitsa chitsulo pamoto mpaka chinyezi chonse chitatha, kenako kupaka saladi wochepa kwambiri ndi kupukuta ngati wapaka molakwitsa. Ukachulutsa chimanata. Umachiika pambaula, panja, mpaka utsi utasiya, n'kuchisiya chizizire, mawa lake n'kubwerezanso. Ukaphikira, sopo ayi, kuviika m'madzi ayi: umachotsa zinyenyeswa ndi kaburashi kofewa, kupukuta ndi nsalu chikadali chofunda, kupaka timafuta, kusunga pouma. Kwinako kumachitika ndi kuphika kokha, Lamlungu pamwamba pa Lamlungu.

Saladi wa ntchito imeneyi ankachokera mu ndiwo zathu. Miyezi yambiri ine ndi a Sakala tinkadya repu wowiritsa ndi mchere kuti chitsulo chimwe. Sanatchulepo nkhani ija patebulo. Mawafo ong'ambika ankadya ndine, monga gawo la chilango, ndipo ndikuvomera kuti chilangocho chinkakoma pang'ono, zimene zinkandiwonjezera manyazi.

Tisa ankabwera Lamlungu lina ndi lina ndi a Esinati. Poyamba ankandituma kuti ndimubweretsere chitsulo pakhonde. Ankachitsegula, kuyang'ana m'timabokosi ngati dokotala, n'kunena, "Chikalibe kuda, ba Koleji." Kenako anayamba kudzachiona yekha pa sitovu. Tsiku limene wafo yoyamba inagwa yonse yathunthu, ndinaiika pambale ndi manja awiri. Tisa anadya theka, anaganiza, ndipo anati, "Yasala pang'ono." Atate ake anatuluka panja kukayang'ana mitengo ya mapeyala, imene inalibe chilichonse choti munthu ayang'ane.

Sanabwererenso kudzakhala ku Woodlands. Anakulira ku Chelstone, ndipo a Esinati anamulera bwino, ndisanamizire munthu. Amayi anga, ngakhalenso a Sakala eni ake, anandiuza kuti abale anali atagamula kale nkhaniyo, kuti ngakhale mawafo akanatuluka ngati a kumwamba mwanayo akanapitabe. Mwina n'zoona. Koma amene anaona phazi lija likulowa m'khitchini n'kubwereranso ndine, ndipo msomali ndinaugwira ndine.

Ndinakhala kwa a Sakala mpaka chitsulo chinada, kenako ndinapeza ntchito yophika mu kantini ya fakitale ina kudera la mafakitale. Ndaphunzitsa achinyamata ambiri kumeneko. Amadabwa kuti tsiku loyamba sindiwaonetsa mpeni kapena moto. Ndimawauza chinthu chimodzi: ukapeza chakuda m'khitchini mwa eni, usanatenge mchenga, ufunse amene anachidetsa.

Tisa atakwatiwa, atate ake anamupatsa chitsulo chija, m'chitenje chomwe chija. Anandiitana Lamlungu lina kunyumba kwake ku Libala, tsitsi langa litayamba kale imvi. Anaphika yekha, akutembenuza ndi dzanja limodzi, mwana ali kumbuyo, ndipo mawafo ankagwa okha. Titadya ndinasonkhanitsa mbale n'kulowera ku sinki, monga mlendo waulemu amachitira. Ndinamva mpando ukugwa. Tisa anali atandidutsa kale, ataima pakati pa ine ndi sitovu pamene panali chitsulo, manja atatambasula.

"Ba Koleji," anatero, "nkhalani pansi."

Ndinakhala.