Zikhomo Zofiira M'dimba Mwathu

Chaka chimene madzi anatigwetsera nyumba kwa Ndamera, tinakhala nthawi yaitali pasukulu ya kumtunda, mabanja ambiri m'kalasi imodzi. Mabungwe ankabwera ndi ufa, zidebe ndi mabulangete, moti tinazolowera kuthamangira galimoto iliyonse yoyera.

Koma bambo wina anabwera pa njinga yamoto, yekhayekha. Anavala chijekete chopanda manja ngati cha anthu a mabungwe, kungoti chake chinalibe chizindikiro. Anati bungwe lawo likufuna kumangira nyumba anthu osowa pokhala. Amuna anga anamupatsa mpando, n'kuyamba kale kuthokoza mwa kwathu kuti "takhuta, takhuta" asanamve n'komwe nkhani yonse.

Ine ndinatchera khutu ku mafunso ake. Sanafunse kuti tili ndi ana angati, kapena kuti tikugona bwanji. Anafunsa za dimba lathu la m'mbali mwa Shire: kukula kwake, amene tinachita nawo malire, ndiponso ngati chinyezi chimafika mpaka chilimwe.

"Kodi nyumbayo mudzaimanga m'dimba?" ndinamufunsa.

Anaseka. "Ayi mayi. Tikufuna mukhazikike kumtunda, musabwererenso kumadzi kuja."

"Nanga kumtundako tizikadya miyala?"

"Mayi a ana, talekani alendo alankhule," anandidula amuna anga, atandituzulira maso.

Bamboyo atabweranso, anapempha amuna anga kuti akamuonetse dimbalo. Iwo anabwerako akumwetulira, akuti munthuyo wazungulira malire onse akuyang'ana pa foni. Mtima wanga sunakhale m'malo. Kutacha ndinatsetsereka ndekha, matope akufika m'mawondo. M'ngodya zonse za dimba lathu ndinapezamo zikhomo zopaka penti yofiira. Zina zinali m'dimba la mayi wamasiye woyandikana nafe.

Ndinapita kwa apampando a komiti ya pamsasapo kukafunsa kuti bungwe limeneli ndi liti.

"Amabwera ambiri, mayi, sitingawadziwe onse," anayankha. "Inu musatithamangitsire thandizo."

Mawu amenewo anawanda msanga. Amayi anzanga anayamba kundiyankha mwachidule pa mjigo, ena n'kumati ndadzikuza. Ngakhale wamasiye uja anandipempha kuti zikhomo za m'dimba lake ndisazikhudze. Ine zathu ndinazula zonse n'kuziponya mumtsinje. Nthaka isanaume bwino ndinadzala chimanga ndi kholowa, ndinamanganso kachisakasa koti ndiziswera momwemo.

Tsiku lina masana ndinamva njinga ija. Munthuyo anaima patali, osazimitsa injini, akundiyang'ana ndili ndi khasu m'manja. Sanandipatse moni. Anatembenuka n'kumapita, ndipo sitinamuonenso.

Patapita nthawi kunabwera lole ya malata ndi simenti, pamodzi ndi anthu ochokera ku boma. Amuna anga anandigwira pamkono.

"Waona? Si izi unkakana zija?"

Ndinapita kwa mayi amene ankatsogolera zogawazo, ndinawafotokozera za bambo wa njinga uja ndi zikhomo zake. Anakwinya nkhope. Anati iwo alibe munthu wotero, ndipo za minda safunsa. Anaitana mnzawo, nayenso anapukusa mutu.

Amuna anga anasenza malata athu mpaka kufika pamalo amene anatipatsa. Komabe mpaka lero alipo ena m'mudzi muno amene amati bamboyo anali wa bungwe lina, lokhala ndi nyumba zabwino kuposa izi, ndipo linathawa pakamwa panga.