Kansomba Kamene Sikanadzuke

Kuseri kwa chitseko cha bafa yathu ku Highfields kunkapachikidwa buluku la mphira lobiriwira, lofika mpaka pachifuwa, nsapato zake zolumikizana nalo. Linkanunkha matope ndi ndere. Ukalowa m'mawa tulo tisanathe m'maso, unkaona ngati wakubisalira munthu wopanda mutu. Amayi ankadana nalo, ine ndinkaliopa, koma mwini wake, malume, ankalitsuka mosamala kuposa malaya awo a ku tchalitchi. Chinali chilimwe chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Malume anabwera kwathu ku Leicester, ku Mangalande, ine ndisanayambe sukulu, ndipo anapempha boma kuti liwasunge ngati munthu wothawa kwawo. Chimene chinawathamangitsa kumudzi ndi nkhani yawo, sindiyilemba pano. Yankho silinkabwera. Ntchito yolipidwa sankaloledwa kugwira, choncho munthu wamkulu wamphamvu zake ankangokhala pampando wa pawindo, kuyang'ana mabasi. Poyamba ankandiseketsa, kenako anayamba kugona masana, kenako anasiya ngakhale kumeta ndevu. Amayi, omwe anali namwino ndipo ankadziwa maonekedwe a munthu amene akuzima, ankabwera kuchokera ku shifiti n'kuima pakhomo akuwayang'ana malume. Ine ndinkangoti malume ndi aulesi. Ana ali ndi pakamwa pankhanza, ndipo ine panga panali patsogolo.

Kumudzi malume ankagwira ntchito yowerenga mpasa mumtsinje wa Bua, nsomba zija zimakwera mtsinje kukaswana. Bambo wina wa ku tchalitchi ndiye anawauza za mayi wina, mphunzitsi wa ku yunivesite, amene ankafufuza za samoni ndipo ankafuna anthu ongodzipereka. Samoni, malume anandiuza, ndi mpasa wa kuno. Imabadwira mumtsinje, imakakulira kunyanja yamchere, n'kubwerera komwe inabadwira. M'mitsinje ya dera lino inali itatha kalekale chifukwa cha madamu ndi zonyansa za m'mafakitale, ndipo inali itangoyamba kubwerera pang'onopang'ono. Popeza inali yochepa, panalibe woikhudza popanda chilolezo cha boma, ndipo chilolezocho chinkatchula anthu ake mayina.

Amayi sanafune n'komwe kumva. “Achimwene, dzina lanu lisamangolembedwa paliponse. Kalakwike kanthu kakang'ono, adzakaika mu fayilo yanu, ndiye mudzati chiyani?” Mawu amenewa ndinawamva kangapo ndili m'chipinda. Malume ankayankha chapansipansi kuti kudzipereka n'kololedwa, anafunsa kale kwa loya. Tsiku lotsatira anameta ndevu.

Sukulu itatsekera panalibe wondisiyira, choncho aphunzitsi aja anavomera kuti ndizibwera, bola ndizikhala kumtunda. Tinkakwera sitima mpaka ku Loughborough, kumeneko n'kulowa m'vani yodzaza ndowa ndi maukonde, ulendo wa kumitsinje ing'onoing'ono ya cha ku Derbyshire. Masabata oyamba malume anali wakumtunda mnzanga, chifukwa dzina lawo linali lisanawonjezedwe pachilolezo. Ankanyamula ndowa, kutsuka zida, maso ali m'madzi. Ndikadandaula kuti ndatopa ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinkawayankha m'Chingerezi kuti nkhono ndinaziona kale maso, palibe chachilendo.

Dzina litatuluka, aphunzitsi anawapatsa buluku lija pamaso pa onse. Sindidzaiwala mmene malume analowera m'madzi tsiku limenelo, pang'onopang'ono, mapazi akufufuza miyala, msana uli chilili. Ndinali ndisanawaonepo ali aatali choncho.

Ntchito yake inali yodabwitsa. Mmodzi ankabereka batire kumsana, ndodo yokhala ndi mkombero wachitsulo ili m'manja. Akaiviika, tinsomba tinkakomoka ndi magetsi n'kuyandama mimba zili m'mwamba, ena n'kumatiwola ndi ukonde. Malume ankakhala pathebulo laling'ono m'mphepete. Ankaika kansomba m'madzi a mankhwala onunkhira ngati kwa dokotala wa mano kuti kagone, n'kukayeza, n'kuchotsako mamba pang'ono, kenako n'kukagwira m'madzi oyenda, mutu utaloza kumtunda, mpaka katadzuka. Ana a samoni anali aatali ngati chala cha munthu wamkulu, m'mbali muli madontho ngati wina wadinda ndi zala zamakala. Kakadzuka kankagwedeza mchira kamodzi n'kusowa.

Ku tchalitchi nkhaniyi inali nthabwala ya chaka. Azimayi ankawazungulira malume tikaweruka. “Ndiye akuti mumagwira nsomba tsiku lonse n'kuzibwezanso? Ndiwo zake ziti pamenepo?” Mayi wina wa ku Chipata ankabwera ndi jumbo sabata iliyonse, ati mwina lero. Malume ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Amayi ankayang'ana kumbali, koma ndinkaona kuti akumvetsera kusekako.

Kenako kunabwera masiku otentha kwambiri, aja anthu a kuno amavula malaya m'mapaki ngati achita kupangana. Madzi a mumtsinje anachepa, miyala inatuluka, ndipo ng'ombe za kutsidya zinkangoima pamthunzi zikuingitsa ntchentche. Aphunzitsi ndi anzawo anali atakwera kumtunda kuseri kwa mitengo. Pathebulo tinalipo awiri, malume ndi ine.

Kansomba kena sikanadzuke. Malume anakagwira m'madzi monga mwa nthawi zonse, akukayendetsa pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, akukalankhula motsitsa m'Chichewa. “Dzuka iwe. Dzuka, usandichititse manyazi.” Anakhala chogwada nthawi yaitali mpaka miyendo yanga inachita dzanzi powayang'anira. Atatambasula dzanja, kanagona chammbali, kukamwa kuli yasa.

Ndinawaona akuyang'ana kumtunda komwe kunali anzawo, kenako kumunsi komwe madzi ankalowa pansi pa mizu ya mtengo. Akanangotsegula zala basi, kansomba kakanapita ndi madzi popanda wodziwa. Ngakhale ine ndinkadziwa chimene chinali pamutu pawo, chifukwa mawu a amayi aja ndinali nditawaloweza. Akanena, mwina dzina lawo lichotsedwa pachilolezo, abwerera kumpando wa pawindo, ndipo mwina nkhaniyo ikafika kumene amasunga fayilo. Lero ndikudziwa kuti amene amaweruza nkhani za othawa kwawo alibe nthawi yowerenga za kansomba. Koma mantha a munthu amene wadikira zaka sayeza kukula kwa chinthu, ndipo sindilola wina aliyense kuwaseka malume pa chimenechi.

Anaimirira, madzi akuchucha m'zigongono, nayamba kukwera mtsinje kansomba kali m'manja. Ine ndinkawatsatira m'mphepete, zitsamba zoyabwa zikundiwotcha miyendo. 

Aphunzitsi anazimitsa batire n'kumvetsera. Malume anafotokoza zonse, mawu akuthamanga: nthawi imene kanakhala m'ndowa, mankhwala amene anathira, ndiponso kuti madzi afunda kwambiri kuyerekeza ndi m'mawa, tinsomba tonse tikuchedwa kudzuka. Anali okonzeka kubwerezanso, ndinaona akukoka mpweya kuti ayambirenso. Koma mayi uja anangogwedeza mutu n'kulemba zimene ananenazo. Anati chilolezo chimadziwa kuti pa ntchito yotere tina tidzafa, n'chifukwa chake chimafuna kuti kalikonse kakafa kalembedwe. Kenako anatembenukira kwa anzake n'kunena kuti popeza malume akuti madzi afunda, ntchito ithere pomwepo mpaka kuzizire. Choyezera kutentha chinali m'thumba mwake. Anachitulutsa pambuyo pake, anthu atayamba kale kulongedza, kuti angolemba nambala.

Ine ndinali ndi nkhawa yanga. Ndinapempha kuti kansombako tikaike m'manda, ndinali nditapeza kale malo abwino ndi timitengo ta mtanda. Anandikaniza, ati kapita kukapimidwa. Ndinakwiya njira yonse.

Tinabwerera kumtsinje mvula itagwa, ndipo malume analowanso m'madzi, chilimwe chimenecho ndi chotsatira chake. Mapepala awo anatuluka ine ndili ku sekondale. Lero amagwira ntchito yomweyo, yolipidwa tsopano, ndipo chaka chilichonse masamba akayamba kuyoyoka amanditumizira kanema wosaoneka bwino wa samoni yaikulu ikudumpha pa damu, mawu awo akumveka kumbuyo ngati ali ku mpira. Amayi mpaka pano amati anali kudziwa kuti zidzatha bwino. Sindiwatsutsa, ndi amayi anga.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi ulendo wa pasitima madzulo a tsiku lotentha lija. Malume anakhala moyang'ana pawindo, ndipo titadutsa minda ya tirigu ndinaona misozi ikutsika mwakachetechete, osaipukuta. Ndinachita manyazi ndi anthu, kenako ndinawamvera chisoni. Ndinawagwira dzanja n'kuwauza, m'Chichewa changa chothyokathyoka, kuti asalire, mumtsinje mwatsala nsomba zambiri. Anaseka misozi ili m'masaya, nati, “Zoona, zatsala zambiri.”

Ndinkaganiza kuti akulira kansomba. Sindikanadziwa kuti kwa zaka zonse zija malume ankalowa m'maofesi, kukhala kutsogolo kwa anthu a zolembera, n'kufotokoza zimene zinawachitikira kumudzi, ndipo nthawi iliyonse ankafunsidwa kuti abwerezenso, ayambire pakati, abweretse umboni. Tsiku limenelo, ataima m'madzi ofika m'mawondo, ananena zoona kamodzi kokha, ndipo munthu wa cholembera anawakhulupirira.