Tsiku Limene Ndinathawitsa Mada ku Sikelo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mayi anandibereketsa mlongo wanga Mada, khanda la miyezi isanu ndi inayi, kuti ndipite naye ku sikelo. Tinkakhala ku Nsungwi, ndipo tsikulo panalibe wowadikirira tomato pamsika. "Lero ndi katemera wa chikuku," anatero. "Bukuli usataye."

Kuchipatala mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo. Mwana aliyense ankatuluka m'kachipinda ka jakisoni akulira momvetsa chisoni. Ndinayang'ana chipsera cha katemera woyamba pamkono pa Mada, n'kudziuza kuti munthu anabayidwa kale, amuvutitsirenji? Ndinachoka pamzere n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka masana. Titayandikira kunyumba ndinamutsina pantchafu kuti afike akulira. Mayi anakhulupirira, mpaka anandigulira chitumbuwa, ine osachita manyazi n'kudya.

Patapita miyezi itatu, thupi la Mada linatentha ngati mbaula. Maso anafiira, zidzolo zinayambira kumaso n'kufalikira thupi lonse. Titathamangira naye kuchipatala, namwino anati ndi chikuku.

"Sizingatheke, adokotala," mayi anatsutsa. "Anabayitsa ameneyu. Ndinatuma mlongo wakeyu."

Namwino anatsegula buku lija n'kuloza ndi chala. Mayi sankadziwa kuwerenga, koma malo opanda cholembedwa chilichonse anawaona. Anatembenuka pang'onopang'ono, kukamwa kuli yasa.

"Chisomo, unapita naye kuti mwana?"

Ndinaulula zonse, ngakhale za kutsina. Sanandimenye, sanandikalipire. Anangogwira pakamwa, n'kumandiyang'ana ngati mwana wa eni. Ndinalakalaka akanangondikwapula.

Mada anachira, koma diso lake lakumanzere linachita ng'ala, silinaonenso mpaka lero.

Ndinadzazindikira mochedwa kuti chipsera chija chinali cha nthenda ina, ndipo msinkhu uliwonse uli ndi katemera wakewake. Ndili woyembekezera ndinakabayitsa wa kafumbata osadikira kuuzidwa. Mwana wanga wamkazi atakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, anandichonderera kuti ajombe tsiku la katemera wa khansa ya khomo la chiberekero. Ndinamuperekeza ndekha kusukulu, ndipo ndinaima pomwepo mpaka singano italowa.

Mada ndi telala tsopano, pamsika womwe uja. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi. Koma akamapendeketsa mutu kuti alowetse ulusi mu singano ndi diso limodzilo, ine ndimayang'ana kumbali.